Kalata yotseguka kwa atsogoleri a mzinda wa Mzuzu: si mwana aliyense anabadwira mpira

Kwa Mfumu ya mzinda wa Mzuzu, makhansala, aphungu a Nyumba ya Malamulo oimira mzinda uno, ndiponso a Nduna oona za achinyamata ndi masewero.

Olemekezeka akuluakulu,

Ndikupatsani moni mwaulemu. Ndine mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale mumzinda muno, ndimakhala ku Chibavi, ndimadulidwa msonkho mwezi ndi mwezi monga aliyense wogwira ntchito m'boma, ndipo sindikonda masewero. Mpira wamiyendo sunditenga mtima, wamanja chimodzimodzi, nkhonya ndiye sinditha n'komwe kuziyang'ana. Ndakhala wotere chiyambire ubwana wanga. Ndanena zimenezi poyambirira kuti mudziwiretu amene akukulemberani, pakuti kuno kwathu mwamuna akanena kuti sakonda mpira anthu amamuyang'ana ngati wanena kuti sadya nsima. Komatu tilipo ambiri. Sitimveka chifukwa tilibe nyimbo, tilibe yunifolomu, tilibe tsiku losonkhana kuti mutione ndi kutiwerenga. Timagulitsa mumsika wa Zigwagwa, timasoka pakhonde, timaphunzitsa, timasamalira odwala, ndipo ndalama zimene mumagawa m'dzina la anthu onse ndi zathunso.

Sindikupempha kuti mutseke bwalo la Mzuzu Stadium kapena kuti muletse ana kukankha chikulunga pafumbi. Okonda Moyale Barracks akonde timu yawo, a Hammers nawonso asangalale ndi yawo. Chimene chikundiwawa ndi china. Inu akuluakulu mukatchula achinyamata, chimene chimabwera m'maganizo mwanu ndi mpira. Mukafuna kuwathandiza mumagula mpira. Mukafuna kuwachenjeza za matenda mumakonza mpikisano wa mpira. Mukafuna mavoti awo mumakhazikitsa chikho. Ngakhale boma lakhala likumangirira achinyamata ndi masewero mu unduna umodzi kwa zaka zambiri, ngati kuti ziwirizi ndi chinthu chimodzi. Mwana amene mtima wake uli kwina simumamuona, ndipo ana oterewa ndi ochuluka kuposa amene amalowa m'bwalo.

Ndimawaona tsiku lililonse. M'kalasi mwanga mumakhala mnyamata wodziwa kupinda mawaya n'kutulutsa lole yokhala ndi chiwongolero chokhota bwinobwino. Mumakhala wina amene tochi ikafa amaiphwasula, n'kupeza pamene waya waduka, n'kuyaka. Mumakhala mtsikana wolemba ndakatulo kumapeto kwa kope la masamu, wina woumba ng'ombe zadongo zoti ukaziona umazindikira kuti iyi ndi nkhunzi, iyi ndi yaikazi. Tsiku la masewero likafika maphunziro amadukizidwa, sukulu yonse imakaima mozungulira bwalo, ana 22 akuthamanga, mazanamazana akungoonerera padzuwa kapena pamvula yathu ya Mzuzu ija. Atsikana amauzidwa kuti ayimbe nyimbo zochemerera. Wogoletsa chigoli amatchulidwa dzina pamzere m'mawa mwake, anzake n'kumuombera m'manja. Wa lole yamawaya uja sadzatchulidwa mpaka adzamalize Sitandade 8. Akakana kusewera amatchedwa waulesi, mwinanso amanenedwa kuti ali ngati mkazi, mawu amene amanyoza iyeyo komanso akazi onse nthawi imodzi.

Pa ndondomeko ya maphunziro a pulayimale pali phunziro la Expressive Arts, limene linaphatikiza kulimbitsa thupi, kuimba, kujambula, kusoka, kuvina ndi zisudzo. Papepala ndi phunziro labwino kwambiri. Koma lowani m'chipinda chosungira katundu cha sukulu zambiri mufunse penti, singano, ulusi, nsalu, ng'oma. Kawirikawiri mudzapezamo mpira umodzi kapena iwiri imene mlendo wina anabweretsa tsiku limene anadzajambulitsa. Mphunzitsi amaphunzitsa ndi chimene chilipo. Umu ndi mmene phunziro la luso losiyanasiyana limasandukira ola lothamangitsa mpira.

Ndilankhuleko za zikho za andale, chifukwa apa ndi pamene mtima wanga umalemera kwambiri. Tonse tikudziwa mmene zimayendera chisankho chikamayandikira. Wofuna mpando amabwera ndi galimoto ya zokuzira mawu, amalengeza bonanza ya mpira wamiyendo ndi wamanja, amagawa yunifolomu zolembedwa dzina lake, nthawi zina nkhope yake yomwe. Matimu a m'makwalala amalimbana masabata angapo. Tsiku la ndime yomaliza zolankhula zimatalika kuposa mpirawo. Ndalama ya mphoto ikagawidwa kwa osewera onse, mphunzitsi wa timu ndi akomiti, aliyense amatsala ndi yogulira sopo ndi mayunitsi. Mavoti akaponyedwa chikho chija sichimvekanso kufikira zaka zisanu zitatha. Lamulo la zipani za ndale la 2018 linaletsa kugawa zinthu pofuna kukopa ovota. Sindikunena kuti chikho chimaswa lamulolo. Zimenezo n'za akhoti. Ndikunena kuti ntchito imene chikho chimagwira ndi yomweyo: kusonkhanitsa achinyamata pamtengo wotsika, kuwasangalatsa masana amodzi, n'kuchoka osayankha funso lawo lenileni, loti mawa adya chiyani ndipo agwira ntchito yanji. Mnyamata amene wapambana bonanza Loweruka, Lolemba amadzukabe wopanda chochita. Bondo lake likathyoka pabwalo lamiyala lija, mwini chikho sapezeka kuchipatala.

Mumatiuza kuti masewero ndi ntchito, ndipo mwana waluso akhoza kudzitukula nawo. Tiyeni tiwerenge limodzi. Mu ligi yaikulu ya dziko lino muli matimu 16. Tingoyerekeza kuti timu iliyonse ili ndi osewera 30, ndiye kuti ndi anthu 480 m'dziko lonse la Malawi. Mwa amenewa angapo ndi asilikali ndi apolisi amene amadya malipiro a ntchito yawo ya boma, osati a mpira. Ena amasewera miyezi osalandira kanthu, nkhani zake timazimva pawailesi chaka chilichonse. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 221,000 mumzinda wa Mzuzu mokha, ndipo m'dziko lonse pafupifupi theka la anthu anali osakwana zaka 18. Khomo lolowera anthu mazana anayi kapena asanu simungaliloze kwa ana mamiliyoni n'kunena kuti njira ya tsogolo ndi imeneyo. Ndipo amene walowa, mpira umamutaya asanafike zaka 35. Ndi kangati tamva pempho la thandizo kwa katswiri wakale amene akudwala ndipo alibe ndalama ya mankhwala? Kalipentala wa zaka 60 amakhala akupalabe matabwa, telala wa zaka 70 akupondabe makina.

Ndikudziwa mayina amene mundiyankhe nawo, ndipo ndimawalemekeza. Tabitha Chawinga ndi mng'ono wake Temwa anachokera ku Rumphi konkuno. Tabitha wasewera ku Sweden, China, Italy ndi France; Temwa anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024. Mwai Kumwenda wa ku Mzimba anadziwika mpaka ku Australia ndi mpira wamanja. Gabadinho Mhango nayenso ndi mwana wa kumpoto kuno. Anthu amenewa anagwira ntchito molimbika ndipo ulemu wawo ndi wowayenera. Koma taonani bwino nkhani zawo. Kuti luso lawo liwadyetse anachita kutuluka m'dziko. Ndiponso timawatchula mobwerezabwereza chifukwa ndi ochepa. Pambuyo pa aliyense wa iwo pali anyamata ndi atsikana osawerengeka amene anasiya sukulu akuyembekeza mwayi womwewo, lero akukankha wilibala mudepoti. Amenewo palibe amawaitana pawailesi kuti afotokoze mbali yawo.

Ngakhale m'kati mwa masewero momwemo chilungamo n'chochepa. Timu ya Queens yakhala kwa zaka zambiri pakati pa matimu amphamvu a mpira wamanja padziko lonse, inatenga malo achitatu pa mpikisano wa Fast5 mu 2016, koma nthawi yonseyo dziko linalibe bwalo lam'nyumba loyenera timuyo. La Griffin Saenda ku Lilongwe linabwera mochedwa, pokonzekera masewero a Region 5 a 2022. A Scorchers, timu ya dziko ya mpira wamiyendo wa amayi, anatenga chikho cha COSAFA mu 2023. Koma ndalama, nthawi ya pawailesi ndi chidwi cha akuluakulu zimathamangirabe ku mpira wa amuna. Choncho pamene mukunena kuti mukutukula masewero, kwenikweni mukutukula mtundu umodzi wa masewero, wa gulu limodzi la anthu.

Mfundo ina imene mumaikonda ndi ya thanzi. Apa ndikuvomerezana nanu ndi mtima wonse kuti thupi liyenera kugwedezeka. Bungwe la WHO limalangiza kuti wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo mwana mphindi 60 pa tsiku. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akulowa m'mabanja athu ambiri. Koma kodi thanzi limeneli limabwera bwanji kwa munthu wokhala pabenchi maola awiri, botolo lili m'manja, akuonerera ena akuthamanga? Masewero amene afala mumzinda muno ndi oonerera, osati ochita. Amene amalimbitsadi thupi mu Mzuzu sawerengedwa ngati amasewero: amayi osenza nthochi ndi makala kulowa m'tauni m'bandakucha, anyamata a Sacramento opalasa njinga pazitunda zathuzi munthu ali kumbuyo, ana oyenda wapansi kuchokera ku Mchengautuwa kapena ku Masasa kupita kusukulu. Anthu amenewa sakusowa bwalo. Akusowa njira yoyendamo m'mbali mwa msewu, kuti asamalimbirane malo ndi minibasi, malole ndi njinga zamoto. Akusowa ngalande zoti madzi amvula asamadule njira, magetsi a mumsewu oti mayi abwerere kunyumba madzulo wopanda mantha. Bambo wa muofesi amene dokotala wamuuza kuti aziyenda madzulo aliwonse, ayende kuti? M'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Katoto ndi Luwinga madzulo munthu amayenda mtima uli m'mwamba. Ngati thanzi ndilo cholinga chanu, ndalama yoyamba ipite kumeneko, chifukwa njira ya oyenda pansi imathandiza gogo, mayi woyembekezera, wolumala ndi wothamanga yemwe.

Tsopano ndifike pa chilonda chimene chikukula tonse tikuona: kubetcha. Mpira umene anyamata athu amaudziwa kwambiri lero si wa pa Mzuzu Stadium ayi. Ndi wa ku England ndi Spain, umene amauonera m'mavidiyo ndi m'mabala. Mwana amatha kukutchulirani osewera onse a Arsenal ndi Manchester United pamodzi ndi olowa m'malo, koma osadziwa dzina la khansala wa dera lake. Zimenezo pazokha ndikanazipirira. Chowawa n'chakuti ambiri sakuoneranso chifukwa chokonda mpirawo. Akuonera kapepala kali m'manja, kapena foni ili pabondo, akudikira ngati timu ya kudziko limene sadzapondako ibweze ndalama yawo ya ndiwo. Kale juga inali ya pakona, ya makadi, yochita mobisala, ndipo woichita ankachita manyazi. Lero yavala yunifolomu ya masewero, ili ndi mashopu opakidwa penti yowala, imalengezedwa pawailesi pakati pa ndemanga za mpira, ndipo imalowa m'thumba la aliyense kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba. Wa kabaza amabetcha ndalama yoti akapereke kwa mwini njinga madzulo. Wogulitsa m'shopu ya wina amabwereka m'kabati akuti abweza akawina. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa, wanzeru kwambiri pa masamu, anatenga fizi imene mayi ake anasonkhanitsa pogulitsa mandasi n'kuiika pa mipira ya Loweruka limodzi. Teremu imeneyo sanalowe m'kalasi. Mayi akewo atabwera kudzandiuza sanakalipe, anangoti, “Aphunzitsi, mwana wanga ndimuyambire pati?” Funso limenelo ndalibweretsa kwa inu.

Kubetcha kunakonzedwa m'njira yoti mwini kampani ndiye azitsala ndi phindu. Mmodzi akawina ndalama yambiri amamujambula n'kumuonetsa dziko lonse. Zikwi za amene aluza tsiku lomwelo sazionetsa. Lamulo limaletsa wosakwana zaka 18 kubetcha, ndipo pali bungwe la MAGLA loyang'anira zimenezi. Koma foni ya mayi ikakhala m'manja mwa mwana usiku, ndani amafunsa zaka? Ndipo inu a khonsolo, amene mumapereka ziphaso zochitira malonda mumzinda muno, muli ndi mphamvu yofunsa kuti shopu yobetchera ikhale patali bwanji ndi geti la sukulu. Gwiritsani ntchito mphamvuyo. A Nduna, musamayamikire ndalama zimene makampani obetcha amaika m'masewero musanafunse kumene ndalamazo zachokera. Zachokera ku Chiputula, ku Zolozolo, ku Ching'ambo, m'matumba a anthu amene analibe zokwanira n'kale.

Mumanenanso kuti mpira umagwirizanitsa mtundu. Ndikukumbukira usiku wa mu January 2022 pamene Flames inakumana ndi Morocco ku Cameroon, itafika koyamba m'ndime ya matimu 16 ya chikho cha Africa. Gabadinho atamenya chigoli chakutali chija, Chibavi yense anakuwa pakamodzi, ndipo ine ndinakondwera poona anansi anga akukondwera. Sindikunyoza chimwemwe chimenecho. Anthu otopa ndi mavuto ayenera kupumako. Koma mgwirizano wa usiku umodzi tisaupatse ulemu woposa msinkhu wake. Mpira womwewo ndi umene umaponyetsa miyala m'mabwalo, kumenyetsa oyimbira, kuswetsa magalasi a mabasi a matimu, ndi kudanitsa anthu a mpingo umodzi. Mgwirizano umene ndimauona ukugwira ntchito mumzinda muno uli pamaliro, pamene Mtumbuka, Mtonga, Mchewa, Mngonde ndi Mlambya amakumba manda amodzi. Uli m'mabanki a m'mudzi a amayi, m'makwaya, m'makomiti a sukulu oumba njerwa. Magulu amenewa salandira chikho kwa aliyense, koma ndi amene agwira mzinda uno.

Sindingalembe za malo a masewero pakati pathu osakumbutsa za 6 July 2017. Tsiku limenelo, pa chikondwerero cha ufulu wodzilamulira, anthu 8 anafa popanikizana pa zipata za Bingu National Stadium ku Lilongwe, ndipo 7 mwa iwo anali ana. Ankafuna kukaonera Bullets ndi Silver Strikers. Mpirawo unaseweredwabe tsiku lomwelo. Ndimaganizira chinthu chimenechi kawirikawiri. Ana amwalira pageti m'mawa, masana wezulo n'kulira, anthu n'kuchemerera. Pa mwambo wathu maliro akagwa m'mudzi ngakhale khasu limagonekedwa pansi. Chinthu chimene chingatichititse kuiwala mwambo umenewu chakula mopitirira muyeso pakati pathu, ndipo atsogoleri ayenera kukhala oyamba kuchibweza pamalo pake.

Bwalo limenelo linamangidwa ndi ngongole ya ku China ya ndalama pafupifupi madola 70 miliyoni, ndipo linatsegulidwa mu 2017. Ngongoleyo tikubweza tonse, ngakhale gogo wa ku Msongwe amene sadzaliona ndi maso. Mu 2019, chisankho chili pafupi, boma linalonjeza kumangira mabwalo matimu awiri a ku Blantyre, Bullets ndi Wanderers, ndi ndalama za misonkho, chonsecho matimuwo si a boma. Tsopano ikani pambali pa zimenezi nkhani ya kwathu kuno. Mu December 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa. Inali nkhokwe yaikulu ya mabuku m'chigawo chonse cha kumpoto. Zaka zinadutsa ophunzira akuwerengera m'malo ongogwirizira, akudalira mabuku opemphetsa kwa akufuna kwabwino. Sindinaone mzinda ukutekeseka ndi nkhani imeneyo monga umatekesekera bungwe la FAM likanena kuti Mzuzu Stadium siyoyenera kuchititsa masewero a ligi. Bwalo likatsekedwa, mawailesi amalira, akuluakulu amathamanga, ndalama ya udzu ndi zimbudzi imapezeka. Kusiyana kwa liwiro kumeneku ndiko kumandiuza zimene timaziyesa zofunika.

Mwana wa ku Zolozolo amene akukonzekera mayeso a MSCE, kwawo akugona anthu asanu ndi mmodzi m'zipinda ziwiri, magetsi azima, akawerengere kuti? Nthambi ya National Library Service ili m'tauni, ndipo ogwira ntchito kumeneko amayesetsa, koma singakwanire mzinda wa anthu oposa 221,000 umene ukukulirakulira. Chipinda chimodzi chokhala ndi matebulo, mipando, sola ndi mashelefu a mabuku mu wadi iliyonse sichingadye ndalama yofanana ndi mpanda wa bwalo. Chingatsegulidwe masiku onse a sabata, osati Loweruka ndi Lamulungu masana okha. Mungathe kugwirizana ndi mipingo ndi masukulu amene ali ndi zipinda zongokhala madzulo.

Tili ndi nyumba yosungira zinthu zakale, Mzuzu Museum, imene ana ambiri obadwira mumzinda muno sanalowemo. Tili m'chigawo cha vimbuza, gule wochiza amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, ndi mwinoghe wa ku Chitipa amene analembedwa m'kaundula wa bungwe lomwelo mu 2018. Tili ndi malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, amene magulu ake ovina, otchedwa maboma, amapikisana mwaulemu, atavala zoyera, anthu n'kubwerera kwawo wopanda womenyedwa. Tili ndi ingoma ya ku Mzimba. Kuvina kumatulutsa thukuta monga mpira, kumasunga chilankhulo ndi mbiri, ndipo kumalandira mwana wonenepa, wowonda, wamfupi ndi wamtali. Magule amenewa timawakumbukira pokhapokha kukabwera mlendo wolemekezeka, avine mphindi zochepa, apatsidwe botolo la chakumwa, akwere lole abwerere. Achinyamata a zisudzo mumzinda muno amachita kupempha kalasi kapena holo ya mpingo kuti ayeserere sewero lawo. Ndani mwa inu anawakhazikitsirapo chikho?

Ndipo ngati mpikisano ndiwo umakusangalatsani, ulipo wina umene ungasiye kanthu m'manja mwa opikisana. Mzinda uno uli pakhomo pa nkhalango ya Chikangawa, matabwa amadutsa pano tsiku ndi tsiku. Uli ndi khofi wodziwika ndi dzina la Mzuzu mpaka kunja. Uli ndi Mzuzu Technical College, uli ndi amisiri owotcherera zitsulo, osoka, okonza mafoni ndi njinga zamoto m'makwalala monse. Itanani akalipentala achinyamata apikisane kupanga desiki yolimba pamtengo wotsika. Wopambana apatsidwe zipangizo ndi oda yopangira madesiki sukulu za mumzinda. Itanani atelala apikisane kusoka yunifolomu. Itanani ana a sekondale apikisane kupeza njira yosamalira zinyalala za mumsika, kapena yotchinjiriza nyumba za m'malo otsetsereka ku madzi amvula, vuto limene limatiliza pafupifupi dzinja lililonse. Mphoto ya mpikisano wotere imakhalabe ikugwira ntchito mwini chikho ataluza kale chisankho.

Za Mzuzu Youth Centre takhala tikuzimva kwa zaka zambirimbiri, mwala wa maziko, malonjezo, kuima kwa ntchito, malonjezo enanso. Ana amene anamva koyamba za nyumbayi lero ali ndi ana awo. Pempho langa ndi lakuti malo amenewa asadzakhale bwalo lina la masewero lovala dzina la achinyamata. Mukhale chipinda chowerengera, chipinda cha makompyuta okhala ndi intaneti, nsanja ya zisudzo ndi nyimbo, malo ophunzirira ntchito zamanja, ndi munthu wodziwa kulangiza wachinyamata amene wakodwa mu juga kapena mowa. Zipinda zimenezi zisadzakhale zotsalira zoti zidzamalizidwa ndalama ikadzapezeka, pamene mabwalo atha kale. Ndipo musanagawe zipindazo, afunseni eni ake. Musafunse makomiti a matimu okha, chifukwa yankho lawo mukulidziwa kale. Pitani m'makwaya, m'magalaja, m'masaluni, m'makalasi, kwa atsikana amene anabereka ali aang'ono, kwa achinyamata olumala amene bwalo la mpira silinawaitanepo.

Ena adzati ndikulankhula chonchi chifukwa chinthucho sindichikonda. N'zoona kuti sindichikonda, ndipo sindinabise. Koma wosakonda chinthu amaona zina zimene wochikonda saona, monga iyenso amaona zimene ine sindiona. Mutu umodzi susenza denga. Pa nkhani ya masewero mwakhala mukumva mbali imodzi yokha, chifukwa ndi imene ili ndi ng'oma ndi mawailesi, ndiponso chifukwa ambiri a inu ndinu masapota. Mtsogoleri ali ndi ufulu wokonda timu yake. Koma akakhala pampando wogawa chuma cha anthu onse, chikondi chakecho chisakhale muyeso.

Tsono ndikupempha zinthu zoti mungathe kuchita chaka chino chomwe. A khonsolo, mukamakonza bajeti, lembani poyera, pa bolodi la ku Civic Offices ndi pa tsamba lanu la Facebook, ndalama zimene zapita ku bwalo ndi masewero, ndipo pambali pake mulembe zimene zapita ku malo owerengera, ku luso ndi chikhalidwe, ndi ku njira za oyenda pansi. Tiwerenge tokha manambalawo. Ngati ndalakwitsa poganiza kuti mbali imodzi ikulemera, manambalawo adzanditsutsa pamaso pa onse. Lembaninso kuchuluka kwa mashopu obetchera amene muli nawo m'kaundula wanu, ndi angati ali pafupi ndi sukulu. Malo opanda nyumba amene atsala m'madera athu muwateteze, asagawidwe mapuloti, koma musawasandutse onse mabwalo a mpira; pena pakhale mitengo ndi mabenchi poti agogo akhale, ana aang'ono asewere phada ndi fulaye, anthu aziyenda madzulo.

Aphungu athu, pa ndalama za chitukuko cha m'dera, limbikitsani kuti payambe chipinda chimodzi chowerengera m'dera lanu, ndipo chikho chotsatira chimene mudzakhazikitse chikhale cha amisiri kapena cha zisudzo. A Nduna, mu unduna wanu mukhale anthu ndi ndalama zoonekera zosamalira wachinyamata amene sasewera, ndipo mukambirane ndi anzanu a zamaphunziro kuti sukulu zilandire zipangizo za Expressive Arts zonse, osati mpira wokha.

Msonkhano wa khonsolo wokambirana bajeti ukamadzachitika, lengezani tsiku ndi malo nthawi ikadalipo, pawailesi ndi m'mipingo, monga mumalengezera masewero akuluakulu. Ine ndidzabwera, ndipo ndidzaitana makolo, aphunzitsi anzanga ndi achinyamata a m'dera lathu kuti adzalankhule okha. Yankho la kalatayi mulipereke poyera, pamene anthu onse a mumzinda angalimve.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wa pulayimale,
Chibavi, Mzuzu